Munthu akayankha kuti “OK”, wavomera kapena wangomva?

Mu Juni 2023, khoti lina la m'chigawo cha Saskatchewan ku Canada linalamula mlimi kuti alipire kampani yogula mbewu madola a dzikolo oposa 82,000. Nkhaniyo inamveka m'mayiko ambiri chifukwa cha kachinthu kamene kanamugwetsa. Kampani ya South West Terminal inamutumizira pa foni chithunzi cha pepala la mgwirizano wogula mbewu yotchedwa flax, iye n'kuyankha ndi kachithunzi kaja ka chala chachikulu choloza m'mwamba. Nthawi yopereka mbewu itafika, mtengo unali utakwera ndipo sanapereke. M'khoti ananena kuti kachalako kanangosonyeza kuti uthenga wafika, osati kuti wagwirizana nazo. Woweruza anakana zimenezo. Chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti m'mbuyomo mlimi yemweyo ankayankha mapepala otere ndi timawu tachidule monga “ok”, “yup” ndi “looks good”, kenako n'kuperekadi mbewu monga mwa pangano.

Ambiri anangoseka za kachalako, koma mkanganowo ndi womwe anthu amakhala nawo tsiku ndi tsiku pa liwu lakuti OK. Wolankhula akhoza kutanthauza kuti “ndamva”, womvera n'kumva kuti “ndavomera”. Wina amanena OK pofuna kukana, wina pofuna kutseka nkhani, wina posonyeza kuti chinthu sichinamusangalatse kwenikweni. Ndi liwu limene ngakhale munthu wosadziwa Chingerezi amalidziwa, ndipo n'chifukwa chake ambiri saganiza n'komwe kuti lingafunike kuliphunzira.

Tanthauzo lake lenileni

Ambiri timaliika m'malo mwa “chabwino”, ndipo nthawi zambiri zimayenda. Koma pakamwa pa eni chilankhulo, OK safika pa “good”. Amangonena kuti chinthu chafika pa mlingo woti n'kuchilandira, palibe chotsutsa, palibe chowawa. OK ali ngati chidindo cha mu ofesi: chikadindidwa pa kalata sichinena kuti kalatayo yalembedwa mwaluso kapena kuti wodindayo wakondwera nayo, chimangonena kuti ikhoza kupitirira.

Mukafunsa munthu kuti “How was the film?” iye n'kuyankha kuti “It was OK”, musaganize kuti wakuuzani kuti mukaonere. Wanena kuti filimuyo inali choncho basi, sinaipe koma sinamugwire mtima. Akatalikitsa mawu n'kutsitsa liwu kumapeto, ndiye kuti inatsala pang'ono kumutopetsa. Mphunzitsi akanena kuti “Your essay is OK”, mwakhoza, koma nyenyezi palibe.

Chodabwitsa n'chakuti liwu lofooka chonchili limalimba mukalikana. “It's OK” ndi mawu opepuka, koma “It's not OK” ndi chidzudzulo. Munthu akakuuzani kuti “What you did is not OK”, sakunena kuti mwalakwitsa pang'ono. Akunena kuti mwadutsa malire a khalidwe loyenera. Zikumveka ndithu: ngati OK ndi mlingo wapansi penipeni wa zinthu zololeka, kulephera kufika pamenepo ndi nkhani yaikulu.

Ntchito zake m'chiganizo

Amene amakumbukira malamulo a chilankhulo a kusukulu aona kuti liwu limodzili limalowa m'magulu angapo popanda kusintha maonekedwe. Limakhala mfotokozi pamene likufotokoza chinthu kapena munthu, monga mu “The road is OK now”, kutanthauza kuti msewu tsopano n'ngoyendeka. Limakhala muonjezi mu “She did OK in the exam”, kuti mayeso anawalemba bwinoko. Limakhala dzina mu “We are waiting for the manager's OK”, ndipo apa OK ndi chilolezo chenichenicho. Limakhalanso mneni: “The manager okayed the plan”, abwana avomereza dongosolo. Koma ntchito yake yaikulu ndi ya mfuwu, pamene limaima palokha ngati yankho, kapena limatsegula ndi kutseka zolankhula.

Ntchito yomalizayi ndi imene mabuku ophunzitsa Chingerezi amaidumpha kawirikawiri, chikhalirecho ndi imene imamveka kwambiri. Wapampando wa msonkhano akati “OK, let's start”, sakuvomera chilichonse, akungouza anthu kuti macheza atha. Akati “OK, next item”, akutseka mfundo imodzi n'kutsegula ina. Pa foni, “OK then” ndi chizindikiro chakuti mnzanuyo akufuna kudula. Ndipo likabwera kumapeto ngati funso, “Be home by six, OK?”, limaoneka ngati likupempha maganizo anu, koma nthawi zambiri ndi lamulo lovala ulemu, monga mmene timanenera kuti “wamva eti?”

Kumene linachokera

Mawu ambiri a Chingerezi mizu yawo ili m'Chijeremani chakale, m'Chifalansa kapena m'Chilatini, ndipo palibe amene angatchule tsiku limene anabadwa. OK ndi wosiyana. Malo akale kwambiri amene akatswiri ambiri amavomereza kuti liwuli linasindikizidwa ndi tanthauzo la leroli ndi nyuzipepala ya Boston Morning Post ya pa 23 Malichi 1839, ku America. Mkonzi wake anali Charles Gordon Greene. M'nkhani ina yoseka nyuzipepala ya mumzinda wa Providence munalembedwa “o.k.”, ndipo pambali pake anamasulira kuti “all correct”, kutanthauza kuti zonse zili molondola.

Wina afunsa: ngati ndi “all correct”, bwanji sanalembe A.C.? Yankho lili pa nthabwala imene inali itafala pakati pa olemba nyuzi ndi achinyamata ophunzira a ku Boston m'zaka zimenezo. Ankatenga mawu odziwika, n'kuwalemba molakwika mwadala, kenako n'kuwafupikitsa. “All correct” anasanduka “oll korrect”, n'kukhala O.K. Panalinso O.W. woimira “oll wright”, K.Y. woimira “know yuse” m'malo mwa “no use”, ndi K.G. woimira “know go”. Kukoma kwa nthabwalayo kunali pakuti munthu wodziwa kulemba akudzisandutsa mbuli. Sizikusiyana ndi zidule za dala zimene achinyamata amalemberana pa foni masiku ano.

Anzake onsewo anafa. OK anapulumuka chifukwa cha ndale. Mu 1840 kunali chisankho cha pulezidenti, ndipo amene anali pampando, Martin Van Buren, anabadwira m'tauni ya Kinderhook m'chigawo cha New York. Dzina lake lomutamanda linali “Old Kinderhook”. Omutsatira ku New York anayambitsa gulu lotchedwa O.K. Club, ndipo zilembo ziwirizo zinanyamula matanthauzo onse awiri: dzina la munthu wawo, ndi uthenga wakuti iye ali bwinobwino. Otsutsa nawo sanagone. Anafalitsa nthabwala yakuti Andrew Jackson, amene analamulira Van Buren asanalowe ndipo anali wa chipani chomwecho, sankadziwa kulemba, moti ankalemba O.K. pa mapepala a boma poganiza kuti “all correct” amalembedwa choncho. Linali bodza la kampeni, koma linakhalitsa moti ena amalibwerezabe. Van Buren anagonja kwa William Henry Harrison, koma pofika pamenepo dziko lonse linali litamva zilembo ziwirizo.

Amene anafukula mbiri imeneyi ndi Allen Walker Read, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Columbia, amene anasanthula nyuzipepala zakale n'kulemba zimene anapeza m'magazini ya akatswiri yotchedwa American Speech mu 1963 ndi 1964.

Pali maganizo enanso, ndipo ena mwa iwo ali ndi owaikira kumbuyo mpaka lero. Ena amati liwuli linachokera kwa a Choctaw, umodzi mwa mitundu ya eni nthaka a ku America, amene ali ndi liwu lakuti “okeh” lotanthauza kuti “zili choncho”. Pulezidenti Woodrow Wilson ankakhulupirira zimenezi, moti povomereza mapepala ankalemba “okeh”. Ena amaloza kumadzulo kwa Africa, ku mawu a Chiwolofu akuti “waw kay”, otanthauza “inde ndithu”, n'kunena kuti anawoloka nyanja ndi anthu amene anatengedwa ukapolo. Agiriki ali ndi “ola kala”, zonse zili bwino, ndipo anthu a ku Scotland ali ndi “och aye”. Kufanana kwa kamvekedwe n'koonekeratu, ndipo n'kutheka kuti mawu oterewa anathandiza kuti OK alandiridwe mosavuta m'makutu a anthu osiyanasiyana. Kusiyana kwake n'kwakuti nkhani ya ku Boston ili ndi mapepala okhala ndi masiku otsatizana, n'chifukwa chake mabuku ambiri otanthauzira mawu amatsamira kumeneko. Koma ija imayendayenda pa intaneti, yakuti asilikali pobwera kunkhondo ankalemba “0 killed” kusonyeza kuti palibe amene wafa, ilibe umboni.

Chimene chinalifalitsa

Nthabwala yokha siikanalifikitsa kutali. Linapeza ntchito. Pamene telegalafu, makina otumiza uthenga pa waya pogogoda, inafalikira kuyambira m'ma 1840, ogwira ntchitoyo ankafuna njira yachidule yosonyezera kuti uthenga wafika wonse. Zilembo ziwiri zinakwanira. M'makampani a sitima zapamtunda ndi m'maofesi, anthu anazolowera kulemba OK pa mabilu ndi mapepala a katundu posonyeza kuti afufuzidwa. Apa m'pamene matanthauzo awiri aja, “ndalandira” ndi “ndavomereza”, anayamba kugona m'nyumba imodzi.

Kamvekedwe kake kanathandizanso. Zilankhulo zambiri padziko zili ndi o, k ndi e, choncho palibe lilime limene limapunthwa. M'Chichewa momwemu, maphatikizo awiriwo amathera pa lembo la liwu monga mmene mawu athu amachitira, ndipo sitifunika kuwonjezera kanthu monga timachitira posandutsa “school” kukhala sukulu.

Kenako panabwera mafilimu a ku America, wailesi, ndi maulendo a m'mlengalenga. Mu 1961, pa ulendo wa Alan Shepard, munthu woyamba wa ku America kupita m'mlengalenga, mneneri wa NASA, bungwe la ku America loyendetsa maulendowa, dzina lake John Powers, anatchukitsa mawu akuti “A-OK”, otanthauza kuti zonse zili bwino kotheratu. Pa 20 Julayi 1969, chombo cha Apollo 11 chitangotera pamwezi, ena mwa mawu oyambirira amene Buzz Aldrin, mmodzi mwa anthu awiri amene anali m'chombocho, analankhula anali “Okay, engine stop.” Pomaliza kompyuta inaliika pamaso pa aliyense. Amene anagwira ntchito yokonza kompyuta ya Lisa ya kampani ya Apple, imene inatuluka mu 1983, amasimba kuti batani lovomerezera poyamba linalembedwa kuti “Do It”, koma munthu wina woyesa makinawo anawerenga ngati “Dolt”, kutanthauza chitsiru, n'kukwiya kuti kompyuta ikumutukwana. Anasintha n'kulemba OK. Ngakhale makina okhaokha amauzana liwuli: nthawi iliyonse tsamba la pa intaneti likatseguka bwino, kompyuta yosunga tsambalo imakhala itayankha foni yanu ndi uthenga wobisika wakuti “200 OK”. Mnzake wa uthenga umenewu ndi 404 uja amaoneka tsamba likasowa.

Pamene ophunzira Chingerezi amapunthwa

Msampha waukulu ndi “I'm OK”. Munthu akakupatsani chinthu n'kufunsa kuti “Would you like some water?”, mukayankha “OK” mwalandira. Mukayankha “I'm OK” mwakana. Kusiyana kwake ndi kaliwu kamodzi, koma madzi sabwera. “I'm OK” apa akutanthauza kuti mmene ndililimu ndakwanira, sindikusowa kanthu, ndipo ndi njira yaulemu yokanira imene eni chilankhulo amaigwiritsa ntchito kwambiri, makamaka akawonjezera “thanks”. Amene akufunadi madziwo ndi bwino anene “Yes, please”, chifukwa ngakhale OK wolandira uja amamveka wouma, ngati kuti mukuchitira chifundo wokupatsaniyo.

“Are you OK?” nayenso si moni. “How are you?” mukhoza kufunsa aliyense m'mawa, koma “Are you OK?” amafunsidwa munthu amene wagwa, amene akuoneka wodwala, wodandaula kapena amene akuchita zachilendo. Mukamufunsa munthu amene alibe vuto, akhoza kuyamba kudziyang'ana kuti mwina nkhope yake ili ndi kanthu. Ndipo yankho lakuti “I'm OK” pa funso limeneli silitsimikiza kuti zonse zilidi bwino. Nthawi zambiri limatanthauza kuti “ndipirira” kapena “sindikufuna kuzikamba”. Wodwala amene achibale akuti “he's OK” ndi amene wachoka pangozi, sikuti wachira.

“It's OK” ndi “That's OK” zimadalira zimene zanenedwa kumbuyo. Poyankha “sorry”, ndi kukhululuka: palibe kanthu, musadandaule. Poyankha “thank you”, ndi kunena kuti sizinavute. Kwa mwana amene akulira, ndi kutonthoza. Koma poyankha munthu amene akufuna kukuthandizani, “It's OK, I'll do it myself” ndi kukana, ndipo kutengera kamvekedwe, mwina ndi kukana kwa munthu wokhumudwa.

Popempha chilolezo amati “Is it OK if I sit here?”, ndipo posonyeza kuti simukutsutsa mumati “I'm OK with that”. Onani kuti mawu achiwiriwa sakunena kuti mwakondwa, akungonena kuti simuletsa. Mukalibwereza mofulumira, “OK, OK!”, mwauza mnzanu kuti mwamva kale, asiye kukukakamizani. Mukalikoka, “okaaay”, mukukayikira kapena mwadabwa ndi zimene mwamvazo. M'Chichewa timachitanso zomwezo ndi “chabwino”, amene akhoza kukhala kuvomera, kugonja kapena kuopseza, malinga ndi mmene watulukira pakamwa. Vuto limabwera tikamalemba, chifukwa pa pepala ndi pa foni kamvekedwe sikaoneka.

OK, okay, ok, k

Pa kalembedwe, OK ndi okay zonse n'zolondola. Ambiri amaganiza kuti okay ndiye liwu lathunthu ndipo OK ndi chidule chake, koma mbiri ikusonyeza kuti zilembo ziwirizo ndizo zinayamba, okay anabwera pambuyo polemba mmene zilembozo zimatchulidwira. Buku la malamulo a kalembedwe la bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press limauza atolankhani ake kulemba OK, pomwe osindikiza mabuku ambiri amakonda okay chifukwa amaoneka ngati liwu wamba pakati pa anzake. O.K. wokhala ndi mipumiro akuoneka wachikale tsopano. Chofunika n'kusankha kalembedwe kamodzi m'nkhani yonse.

M'kalata yofunsira ntchito, m'lipoti kapena m'nkhani ya mayeso, ndi bwino kulipewa, osati chifukwa n'lachipongwe koma chifukwa n'lamacheza ndiponso silinena zenizeni. “Approved”, “agreed”, “received”, “satisfactory” ndi “acceptable” aliyense amanyamula tanthauzo limodzi mwa aja OK amawaunjika pamodzi.

Pa WhatsApp ndi m'mauthenga a pa foni, anthu apanga malamulo awo osalembedwa. “Okay” ndi “ok” amaoneka wamba. “Ok!” ali ndi chimwemwe. “OK.” wokhala ndi mpumiro amaoneka ngati munthu wamanga nkhope, ndipo “k” yekha, kwa achinyamata ambiri olankhula Chingerezi, ndi chizindikiro cha mkwiyo kapena mphwayi. Izi si zongoganizira. Ofufuza a pa yunivesite ya Binghamton ku America, motsogozedwa ndi Celia Klin, anaonetsa ophunzira 126 mauthenga afupiafupi okhala ndi mayankho monga “Okay” ndi “Sure”. Mayankho a pa foni othera ndi mpumiro anaonedwa ngati osachokera pansi pa mtima poyerekeza ndi opanda mpumiro, koma mawu omwewo atalembedwa pamanja kusiyanako sikunaoneke. Kunena zoona, malamulo amenewa sagwira aliyense. Munthu wachikulire amene analemba makalata moyo wake wonse amaika mpumiro chifukwa chiganizo chatha, basi, ndipo wotanganidwa amalemba “k” chifukwa dzanja lina lanyamula katundu. Mikangano yambiri ya pa foni imayamba pamene wolemba ndi wowerenga akutsata malamulo osiyana.

Chizindikiro cha dzanja, chija timakumanitsa chala chachikulu ndi chamkombaphala n'kupanga bwalo, nacho sichimveka mofanana kulikonse. Kwa osambira pansi pa nyanja ndi funso komanso yankho lakuti zonse zili bwino. Ku Brazil ndi chipongwe, ndipo ku Japan chikhoza kutanthauza ndalama.

Pamene OK sakwanira

Pali ntchito zina zimene zinaphunzira mowawa kuti liwu lonyamula matanthauzo angapo n'loopsa. Pa 27 Malichi 1977, ndege zambiri zinapatutsidwira pa bwalo laling'ono la Los Rodeos pa chilumba cha Tenerife, cha dziko la Spain, bomba litaphulika pa bwalo la ku Gran Canaria kumene zimapita. Pakati pawo panali ndege ziwiri zikuluzikulu za mtundu wa Boeing 747, ina ya kampani ya KLM ina ya kampani ya Pan Am. Madzulo kunagwa nkhungu yoti woyang'anira ndege ali pa nsanja sankaziona, ndipo oyendetsa ndegezo sankaonana.

Ndege ya KLM inali kumapeto kwa msewu wonyamukira, ya Pan Am ikuyenda pang'onopang'ono pa msewu womwewo kufunafuna potulukira. Wothandiza woyendetsa wa KLM atabwereza malangizo a njira, anamaliza ndi mawu osamveka bwino onena kuti tsopano ali pa kunyamuka. Wa pa nsanja anamva ngati akunena kuti aima pamalo onyamukira kudikira. Anayankha kuti “OK”, n'kupuma pang'ono, kenako n'kuwonjezera kuti adikire, awaitana. Pa nthawi yomweyo a Pan Am analankhula pa wailesi kuchenjeza kuti akadali pa msewu. Mauthenga awiriwo anawombana n'kusanduka phokoso lolira m'makutu a oyendetsa KLM, moti chimene chinamveka bwino ndi OK yekha. Ndegeyo inali itayamba kale kuthamanga, ndipo inakawomba inzakeyo. Anthu 583 anafa, ngozi yoopsa kuposa ina iliyonse m'mbiri ya maulendo a ndege.

Zifukwa zinali zambiri: nkhungu, kudzaza kwa bwalo, changu cha woyendetsa amene ananyamuka asanapatsidwe chilolezo chenicheni, ndi wailesi yosalola anthu awiri kulankhula pamodzi. Palibe wofufuza amene anaika mlandu wonse pa liwu limodzi. Komabe ngoziyo inalimbitsa lamulo lakuti pa wailesi ya ndege azigwiritsa ntchito mawu oikika okhaokha, ndipo OK sali m'gulu limenelo. Liwu lakuti “takeoff” tsopano limatchulidwa pokhapokha chilolezo chonyamuka chikuperekedwa kapena kuchotsedwa, nthawi zina zonse amati “departure”. Ntchito zimene OK amagwira yekha m'macheza anazigawira mawu osiyana: “roger” ndi kunena kuti ndalandira uthenga wanu wonse, “affirm” ndi inde, “wilco” ndi kunena kuti ndamva ndipo ndichita. Pa malangizo ofunika kwambiri, monga chilolezo cholowa kapena kunyamuka pa msewu wa ndege, ngakhale “roger” sakwanira. Woyendetsa amayenera kubwereza malangizowo ndi pakamwa pake, wa pa nsanja n'kumvetsera ngati zimene zabwerazo zikufanana ndi zimene anatumiza.